Bambo akufuna kukaona malo a nkhondo yapachiweniweni ya ku America, tiyambire kuti?

Naphiri wa ku Baltimore

Moni nonse. Bambo anga akubwera mu Okutobala kudzandiona, akhala milungu itatu. Anaphunzitsa mbiri ku sekondale zaka zoposa 30 mpaka kupuma. Nditawafunsa zomwe akufuna kudzaona kuno ndimayembekezera kuti atchula New York. Ayi ndithu. Akuti akufuna akaponde pomwe panamenyedwera nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, yomwe akhala akuijambula ndi choko pa bolodi moyo wawo wonse. Kuchipatala komwe ndimagwira andipatsa masiku asanu okha. Galimoto ndili nayo. Bondo lawo lakumanzere limavuta, sangayende mtunda wautali. Amene munapitako ndithandizeni, tiyambire kuti, nanga tisiye ziti?

Wathiraki

Achemwali, muli pafupi ndi zonse. Misewu imeneyo ndimadutsamo sabata ndi sabata. Kuchoka ku Baltimore kukafika ku Gettysburg ndi ola limodzi ndi theka basi. Mukatha kumeneko tsikirani ku Frederick mukagone, chifukwa Antietam ndi Harpers Ferry zonse zili pafupi ndi tauni imeneyo, ulendo wosakwana ola.

Za bondo la madala musade nkhawa. Ku Gettysburg anthu amazungulira pa galimoto, msewu wake ndi wa mamailosi 24, mumangoima pamalo omwe anaikapo manambala. Koma ine ndinganene kuti lipirani gaidi wa laisensi. Amalowa m'galimoto yanu momwemo, amayendetsa yekha maola awiri, inu ndi madala nkumangomvetsera ndi kufunsa. Mubukiretu. Pabwalo la nkhondo salipiritsa, cholipira ndi myuziyamu ndi filimu. Ku Harpers Ferry galimoto mumaisiya kumtunda, basi yawo ndi yomwe imakutsitsirani m'tauni yakale. Mukalowa m'maudzu valani thalauza ndi masokosi aatali, nkhupakupa za kuno ndi zazing'ono ngati njere ya fodya koma zimapatsa matenda a Lyme. Inu anamwino mukudziwa kale.

Msilikali Wopuma

Mayi, ku Gettysburg ndinapitako tili pa maphunziro, ndipo pali malo amodzi omwe ndikupemphani musawadumphe. Mukaime pa Seminary Ridge, pafupi ndi chipilala cha Virginia, muyang'ane kum'mawa. Muona dambo lalikulu lopanda pobisala, lokwera pang'onopang'ono mpaka pa kagulu ka mitengo ndi kampanda kamiyala. Pa 3 Julayi 1863 masana, dzuwa likuswa mtengo, Robert E. Lee, mkulu wa asilikali akummwera, anatuma amuna oposa 12,000 kuti adutse dambo limenelo ali pamizere, phewa kukhudza phewa, mtunda woposa kilomita imodzi. Ndi zomwe amazitcha Pickett's Charge. Pakati pa dambolo pamadutsa msewu wa Emmitsburg, ndipo unali ndi mipanda yamatabwa mbali zonse ziwiri. Kuti munthu adutse amayenera kukwera mpandawo, ndipo pokwera pamenepo ndi pomwe amaonekera bwino kwa amene akumudikira ndi mfuti kutsogolo. Ola lisanathe, theka la anthuwo anali atafa, atavulala kapena atagwidwa.

Vuto linali lakuti mfuti zinali zitasintha koma kamenyedwe kanali kakalekale. Zinali zagogodera ndithu, zothira onga kukamwa, koma mkati mwa mpope munali mizere yopota, ndiye chipolopolo chake chamtovu, chotchedwa Minié, chimafika patali ndi kulunjika kuposa mfuti za azigogo awo. Kuyenda pamzere poyera pamaso pa mfuti zoterozo, mizinga ikulavulanso, kunali kupereka anthu.

Masiku atatu onse pamodzi, ofa, ovulala, ogwidwa ndi osowa anafika cha m'ma 50,000, m'tauni ya anthu pafupifupi 2,400. Ambiri amasokoneza pamenepa, amati onsewo anafa. Ofera pabwalo pomwepo anali cha m'ma 7,000. Mu myuziyamu mukaonenso Cyclorama, chithunzi chopenta chozungulira chipinda chonse, inu mumaima pakati. Madala sadzafunika kuyenda pamenepo.

Ine nditaima pa dambo lija ndinavula chipewa. Wakumpoto ndi wakummwera, kwa ine onse anali asilikali omvera lamulo, ndipo onse ndinawapatsa ulemu.

Wophunzira ku Richmond

Bambo, zonse mwafotokozazo ndi zoona ndipo ndaphunzirapo, koma mawu omalizawo ndalephera kuwameza. Gulu lomwelo la Lee, litalowa m'Pennsylvania mu Juni 1863, limagwira anthu akuda m'midzi ndi m'matauni, ena obadwa mfulu, nkuwakusira kummwera ngati ng'ombe. Anthu akuda ambiri a ku Gettysburg anathawa nkhondo isanafike chifukwa amadziwa chomwe chiwagwere. Ine ndikaima pa dambo limenelo ndimadzifunsa kuti akanadutsa mpanda uja nkupambana, munthu wa khungu langa bwenzi ali kuti?

Achemwali Naphiri, chenjerani ndi izi: malo ambiri otere mukhoza kuzungulira tsiku lonse mukumva za mizinga, mahatchi ndi akuluakulu a nkhondo, osamva kuti chinayambitsa n'chiyani. Ena adzakuuzani kuti inali nkhani ya ufulu wa zigawo. Awerengeni eni ake. Chigawo cha Mississippi pochoka mu Union, mgwirizano wa zigawo za America womwe akumpoto amaumenyera nkhondo, mu Januwale 1861 chinalemba poyera kuti chikuchoka chifukwa cha ukapolo. Alexander Stephens, wachiwiri kwa pulezidenti wa Confederacy, boma la zigawo zakummwera zomwe zinapanduka, ananena ku Savannah mu Malichi chaka chomwecho kuti maziko a boma lawo ndi akuti munthu wakuda safanana ndi mzungu. Kalembera wa 1860 anapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Nkhondo inali pa anthu amenewo.

Ndipo muziyang'ana chaka chomwe chipilala chilichonse chinaimikidwa. Cha Virginia chomwe bambo atchulacho, pamwamba pake pali Lee atakwera hatchi, n'cha 1917. Chiboliboli chachikulu cha Lee kuno ku Richmond chinali cha 1890, anachichotsa mu Sepitembala 2021 ine ndikuona. Zinamangidwa nthawi yomwe akuda amalandidwa voti ndi malamulo a tsankho. Zimanena zambiri za omanga kuposa za nkhondoyo.

Ku Gettysburg komweko funsani gaidi akufikitseni ku Lincoln Cemetery. Si manda aakulu aja omwe Pulezidenti Abraham Lincoln anayankhulira pa 19 Novembala 1863 ayi, ndi manda aang'ono m'tauni momwe munaikidwa asilikali akuda. Mufunsenso za Basil Biggs, mlimi wakuda amene gulu lake linafukula mitembo ya asilikali akumpoto oposa 3,000 m'minda kuti akaikidwe m'manda aakuluwo.

Msilikali Wopuma

Mwana wanga, sindikutsutsa kuti gwero linali ukapolo. Amene amakana zimenezo sanawerenge. Chomwe ndikunena n'chakuti amene amatumidwa kutsogolo nthawi zambiri si amene anayambitsa. Kummwera anakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali mu 1862, ndipo munda wa akapolo 20 umapatsidwa mwayi woti mzungu mmodzi atsale pakhomo. Mphawi ndiye amakwera mpanda uja.

Komanso tisawayeretse akumpoto. Lincoln mwiniwake analemba mu Ogasiti 1862 kuti cholinga chake chachikulu n'kupulumutsa Union, kaya akapolo amasulidwe kaya ayi. Chilengezo chake chomasula akapolo cha pa 1 Januwale 1863 chimakhudza zigawo zopanduka zokha. Maryland komwe mayi Naphiri akukhalako kunali akapolo, koma poti sikunapanduke, kumeneko ukapolo unatha mu Novembala 1864. Msilikali wakuda wa Union amalandira madola 10 pamwezi nkumudulanso atatu a yunifomu, mzungu akulandira 13, mpaka anakonza mu 1864. Ku New York, patangotha masiku khumi chichitikire Gettysburg, azungu okana kulembedwa usilikali anapha anthu akuda m'misewu nkutentha nyumba ya ana amasiye. Madala monga mphunzitsi adzafuna kumva zonsezi, osati mbali imodzi.

Wophunzira ku Richmond

Pamenepo tagwirizana, bambo. N'chifukwa chake ine malo omwe ndimawakonda kuposa onse ndi Fort Monroe, ku Hampton. Mu Meyi 1861 amuna atatu, Frank Baker, Shepard Mallory ndi James Townsend, anathawa pomwe amawagwiritsa ntchito yomanga malinga a Confederacy, anapalasa bwato usiku nkukagogoda pa linga la Union. Mwini wawo atatuma munthu kudzawatenga, mkulu wa lingalo, Benjamin Butler, anakana. Anati poti mukuti ndi katundu wanu ndipo mukumugwiritsa ntchito pa nkhondo, ife talanda. Mbiri itamveka anthu anayamba kufika mazanamazana. Lincoln asanalembe kalikonse, akapolo anali atayamba kale kudzimasula ndi miyendo yawo. Pamalo pomwepo ndi pomwenso anafikira anthu oyamba ochokera ku Africa m'Virginia mu 1619.

Kwa masiku asanu ndi kutali. Koma ku Washington ndi pafupi ndi kwanu: pa U Street pali chikumbutso cha asilikali akuda chokhala ndi maina oposa 209,000 olembedwa pa zitsulo. Pamenepo mukhoza kupita Loweruka lililonse.

Aphunzitsi a ku Zomba

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwana wanga Naphiri, ine ndi bambo ako ntchito yathu inali imodzi, ndiye ndikudziwa chomwe chili kumtima kwawo ngakhale sanakuuze. Tsegula mapu uyang'ane Appomattox, komwe Lee anagonjera kwa Ulysses Grant, mkulu wa asilikali akumpoto, pa 9 Epulo 1865. Chakumadzulo kwake, mtunda wa theka la ola pa galimoto, pali tauni ya Lynchburg. Kumeneko ndi komwe John Chilembwe anaphunzira. Anachoka kuno ndi Joseph Booth mu 1897, nkukalowa sukulu ya ubusa ya akuda a Baptist, Virginia Theological Seminary and College, ndipo anabwerako mu 1900 kudzayambitsa PIM ku Mbombwe. Sukuluyo ilipobe, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg.

Taganiza: anafika patangotha zaka 32 nkhondo itatha. Ena mwa amene amakhala nawo m'tchalitchi anabadwira mu ukapolo. Anaona anthu omwe anamasulidwa ndi magazi ochuluka chonchija akubwezedwanso pansi ndi malamulo. Ndipo anamva za John Brown, mzungu amene mu Okutobala 1859 anaukira nkhokwe ya mfuti ya boma ku Harpers Ferry kuti akapolo apeze zida, nkunyongedwa pa 2 Disembala chaka chomwecho. George Simeon Mwase, amene analemba za kuukira kwa 1915 atamva kwa ena omwe analipo, akuti Chilembwe amawafotokozera anthu ake za John Brown. Ndiye Harpers Ferry ndi Lynchburg kwa Mmalawi si malo achilendo. Ine ndinaphunzitsa zimenezi zaka zonse, koma maso anga sanaone.

Palinso china chomwe ana ambiri samachidziwa. Mu Julayi 1861, mwezi womwe ku America kunamenyedwa nkhondo yaikulu yoyamba ku Bull Run, David Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame kuno kwathu, ndipo ndi anthu amenewo omwe Bishopu Mackenzie anayamba nawo mishoni ya Magomero. Mwana wake woyamba wa Livingstone, Robert, anakafera mu nkhondo ya ku Americayo. Analowa usilikali wa Union ndi dzina lakuti Rupert Vincent, anavulala nkugwidwa ku Virginia, ndipo anamwalira ali mkaidi ku Salisbury, North Carolina, mu Disembala 1864, ali ndi zaka 18. Magomero yomweyo pambuyo pake inakhala esiteti ya A. L. Bruce, ya zidzukulu za Livingstone, ya thangata lija, komwe anthu a Chilembwe anakapha William Jervis Livingstone mu Januwale 1915. Nkhani zimenezi zinalukana ngati mkeka.

Ngati masiku akuchepa, dulani china chilichonse koma ku Lynchburg muwafikitse.

Naphiri wa ku Baltimore

Aphunzitsi, ndangowawerengera bambo uthenga wanu pa foni. Anakhala chete, kenako anati amaopa kupempha za Lynchburg poganiza kuti ndi kutali ndipo andivutitsa ndi mafuta. Tipita ndithu. A Wathiraki, msewu wake uli bwanji?

Wathiraki

Kuchoka ku Harpers Ferry ndi maola atatu ndi theka, mwina anayi mukamaima. Tsikani ndi I-81 m'chigwa cha Shenandoah, mu Okutobala mapiri amakhala ofiira ndi achikasu, madala adzasangalala. Mathiraki ndi ambiri mumsewu umenewo, musamakhalitse pambali pathu. Gonani ku Lynchburg, m'mawa Appomattox. Pobwerera mukadzera ku Richmond mudziwe kuti I-95 madzulo imadzaza koopsa kuyambira ku Fredericksburg. Tengani kamba m'kabokosi kozizira, m'malo ambiri a nkhondowa mulibe pogula chakudya pafupi.

Nangozo ku Manchester

Ine ku America sindinapiteko, koma nkhondo imeneyi inafika mpaka kuno. Pakati pa tauni ya Manchester pali chiboliboli cha Lincoln. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire amadalira thonje lolimidwa ndi akapolo, ndiye Union itatseka madoko akummwera thonje linasowa, anthu zikwizikwi ntchito inawathera, njala inalowa. Komabe pa 31 Disembala 1862 ogwira ntchito anakumana mu Free Trade Hall nkulembera Lincoln kalata yomulimbikitsa kuti athetse ukapolo, iye anayankha mu Januwale, ndipo mawu ena a makalatawo ali pa tsinde la chibolibolicho. Ku Birkenhead, pafupi ndi Liverpool, ndi komwe anapangira sitima ya Confederacy ya Alabama. Tauni ziwiri zoyandikana, mitima iwiri. Aphunzitsi, si thonje lomwelo lomwe Livingstone amafuna lizilimidwa m'chigwa cha Shire kuti Britain isamadalire la akapolo?

Aphunzitsi a ku Zomba

Ndi lomwelo, mayi.

Mayi Busa ku Georgia

Ulendo uno simungafike kuno, koma ndinene za Andersonville kuti ena adziwe. Inali ndende ya akaidi a nkhondo, mpanda wamitengo wopanda denga, maekala 26 okha. M'miyezi 14 munadutsa asilikali akumpoto pafupifupi 45,000, ndipo pafupifupi 13,000 anafera momwemo ndi njala, kutsekula m'mimba ndi zilonda. Kamtsinje kamodzi kodutsa pakati ndiko kanali kakumwa, kochapira komanso chimbudzi. Mkati mwa mpanda munali mzere womwe ukangoudutsa mlonda amakuwombera.

Chinandiliza ine ndi manda. Miyala yake ndi yothithikana, mpata wake chikhatho sichingalowe bwino, chifukwa anthuwo anaikidwa m'maenje aatali motsatizana popanda bokosi. Maina awo akudziwika chifukwa mkaidi mmodzi wachinyamata, Dorence Atwater, amene anapatsidwa ntchito yolemba ofa, amakopera mndandanda wina mobisa nkutuluka nawo. Nkhondo itatha anabwerera ndi Clara Barton, mayi amene ankasamalira asilikali ovulala, kudzalemba maina pamanda. Tinapitako ndi amayi a mvano, tinayimba nyimbo imodzi, enafe mawu anatithera pakhosi.

Naphiri wa ku Baltimore

Tabwerako, abale. Pepani ndachedwa kulemba, ndinangolowa ma naiti. Ndifotokoze momwe zinayendera.

Ku Gettysburg tinachita monga ananenera a Wathiraki. Gaidi wathu anali bambo wachikulire, ndipo iye ndi bambo anga anagwirizana ngati anakulira limodzi. Maola awiri aja anatha tisanafike theka la mafunso. Pa dambo lija bambo anatsika, anayenda ndi ndodo yawo mpaka pomwe panathera msewu woyalidwa, nkuima nthawi yaitali. Atafunsa za anthu akuda, gaidi sanazembe, anafotokoza zogwidwa zija ndipo anatilozera njira ya ku Lincoln Cemetery. Ndi kamalo kakang'ono pakati pa nyumba za anthu, tinalipo awiri okha, pomwe kumanda aakulu kunali mabasi a ana asukulu.

Ku Frederick palibe anatchula, koma tinapeza National Museum of Civil War Medicine, ndipo kumeneko ndi komwe kunandigwira ine. Mwa asilikali oposa 620,000 omwe anafa, awiri mwa atatu aliwonse anaphedwa ndi matenda, osati chipolopolo: kamwazi, taifodi, chibayo, chikuku, malungo. Bambo ataona botolo la kwinini anati, kodi malungo analinso kuno? Analiko. Ndimaganiza kuti amadula anthu miyendo ali maso, koma ayi, maopaleshoni ambiri amagoneka ndi chloroform kapena ether. Chomwe samadziwa ndi tizilombo. Dokotala amachoka pa wodwala uyu kupita pa wina ndi mpeni womwewo, manja osasamba. Chipolopolo chomwe a Msilikali anatchula chija chikamenya fupa chimaliphwanya zidutswazidutswa, ndiye kudula kunali kupulumutsa moyo. Dongosolo lonyamula ovulala ndi ngolo za ambulansi, kuwasankha malinga ndi kukula kwa bala nkuwatumiza kuchipatala chakumbuyo, analikonza ndi Jonathan Letterman mu 1862. Ndi zomwe timachita ku kajuwoti mpaka lero. Ndinaima pa bokosi la macheka aja ndikuganiza za manja anga.

Antietam ndi phee, kulibe mashopu ndi phokoso ngati ku Gettysburg. Pa 17 Sepitembala 1862, tsiku limodzi lokha, ofa, ovulala ndi osowa anali pafupifupi 23,000. Nkhondo inayambira m'munda wa chimanga, ndipo bambo atamva kuti mkulu wa asilikali Joseph Hooker analemba kuti mapesi onse anadulidwa ndi zipolopolo ngati ndi mpeni, anangogwira pakamwa. Mlimi amadziwa kuti munda wonse kuti ugwe chonchi pamafunika zipolopolo zingati. Pali kanjira kolowa pansi, kokumbika ndi mateyala a ngolo, kotchedwa Bloody Lane. Tinayendamo pang'ono. Zithunzi zomwe Alexander Gardner anajambula patangopita masiku awiri zili pa zikwangwani pomwepo, umaona mitembo itadzaza pamalo pomwe waimapo. Kutsogolo kwake kuli katchalitchi koyera ka a Dunker, mpingo womwe umakana nkhondo. Pa nsanja yoonera patali sanakwere, bondo linakana.

Ku Harpers Ferry kukongola kwake n'kosaneneka, mitsinje ya Potomac ndi Shenandoah imakumana pansi pa mapiri. Nyumba yomwe John Brown anadzitsekera ndi yanjerwa, inali yosungira zozimitsira moto, ndipo ndi yaing'ono ngati kalasi imodzi ya pulayimale. Bambo anaiyeza ndi mapazi, m'litali ndi m'lifupi, nkulemba m'kabuku kawo. Anati zaka zonsezi amauza ana kuti linali linga lalikulu. Brown anali ndi amuna 21 okha, asanu mwa iwo akuda. Amene anatsogolera asilikali odzamugwira anali Robert E. Lee yemweyo, asanapanduke. Nkhani yomwe sindikuiiwala ndi ya Dangerfield Newby, woyamba kufa mwa anthu a Brown. Mkazi wake Harriet ndi ana anali akapolo ku Virginia, iye anasonkhanitsa ndalama zowawombolera koma mwini wawo anakana. Anamupeza ndi makalata a mkaziyo omupempha kuti afulumire asanagulitsidwe. Pambuyo pake anagulitsidwadi kummwera.

Ku Lynchburg tinafika madzulo. Sukuluyo ili pa kaphiri, ndi yaing'ono, ndipo pali chikwangwani chachitsulo cha mbiri cholembedwa dzina la John Chilembwe. Bambo anawerenga mokweza mawu onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako anatulutsa K2,000 m'chikwama nkuiika pafupi ndi dzinalo kuti ndijambule. Mtsikana wina wophunzira pomwepo amadutsa, anaima kufunsa. Bambo anamuonetsa nkhope ya pa ndalamayo nkumuuza kuti uyu anaphunzira pasukulu yako ino, kwathu tili ndi tsiku la tchuthi lomukumbukira. Anakambirana mpaka mdima, ndalama ija anamusiyira.

Appomattox ndi kamudzi chabe, kulowa n'kwaulere. Nyumba ya McLean yomwe Lee ndi Grant anakumaniramo anachita kuimanganso, yoyambayo inaphwasulidwa mu 1893. Chipinda chake n'chaching'ono ngati pabalaza pa nyumba wamba. Grant analola asilikali ogonjawo kupita kwawo ndi mahatchi awo kuti akalimire, ndipo anawapatsa chakudya. Kuseri kwa nyumbayo kuli khitchini ndi kanyumba ka akapolo, alendo ambiri amangodutsa, ife tinalowa. Kumeneko tinamvanso za Hannah Reynolds, mayi kapolo amene anavulazidwa ndi bomba la mzinga m'mawa wa pa 9 Epulo, maola ochepa asanasainirane, nkumwalira patapita masiku atatu.

Ku Richmond sitinafike, bondo linatupa ndipo tinabwerera molunjika. Achimwene a ku Richmond, pepani. Pa U Street tinapita Lamlungu lotsatira titatuluka m'tchalitchi.

Msilikali Wopuma

Zikomo mayi pobwera kudzatiuza. Za Newby sindimazidziwa. Ndakhala ndikuwerenga za nkhondo imeneyi zaka zambiri, maina a magulu ndi akuluakulu awo ndimawatchula pamtima, koma dzina limeneli ndalimva lero. Mwana wanga wa ku Richmond, nditumizireko zomwe ndingawerenge za asilikali akuda aja.

Wophunzira ku Richmond

Ndikutumizirani usiku uno, bambo. Muyambe ndi gulu la 54th Massachusetts ndi zomwe zinachitika ku Fort Wagner pa 18 Julayi 1863, kenako New Market Heights, pafupi ndi kuno, komwe asilikali akuda 14 analandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a ku America. Achemwali, madala akadzabweranso Richmond ndi Fort Monroe ndidzawayendetsa ndine.

Naphiri wa ku Baltimore

Bambo apempha foni kuti alembe okha.

Ndine bambo ake a Naphiri. Ndikuthokoza nonse, makamaka inu a thiraki, malangizo anu sanaphonye ngakhale pamodzi. A Msilikali, mpanda wa pa msewu wa Emmitsburg ndinauona, ndinaugwira, umandifika pachifuwa. Munanena zoona.

Aphunzitsi anzanga a ku Zomba, nyumba ya John Brown ndi mapazi anga 14 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndi bondo lodwalali. Zithunzi mwanayu wanditsukira 40, zina ndikasiya kusukulu komwe ndinapumira. Mawu a pa chikwangwani cha ku Lynchburg ndakopera onse m'kabuku, ndikufuna tikawamasulire limodzi m'Chichewa. Ndinyamuka kuno Lachinayi. Ngati Mulungu alola, pa 15 Januwale ndidzakhala ku Mbombwe, ndidzaima pakhomo la tchalitchi mapemphero asanayambe, nditavala jekete yabulawuni, envelopu ili m'manja.